Golo la Kumunsi

Bwalo la mpira la kwa Mtsukwa, kufupi ndi kwa Dzoole, analilambula pamalo amene anatsala. M'mapiri a ku Dowa malo athyathyathya ndi a fodya ndi chimanga, mpira umalandira makombo. Choncho bwalolo linali lopendekeka, golo lina kumtunda pafupi ndi chulu, lina kumunsi pafupi ndi mtengo wa mango. Mpira ukauika pakati osaupondera, unkanyamuka wokha ulendo wa kumango.

Aliyense wa mutu wabwino ankadziwa kaseweredwe ka pabwalo lotere. Chigawo choyamba umakwera chitunda miyendo ikadali ndi mphamvu, chigawo chachiwiri n'kutsetsereka anzako atatopa. Ana ankadziwa zimenezi, ngakhale mbuzi zodya m'mbali mwa bwalo zinkadziwa. Wosadziwa anali munthu mmodzi yekha, ndipo mwatsoka ndiye anali kochi wa Ziwombankhanga, timu ya m'mudzimo.

A Lazaro anali mkamwini. Kwawo kunali kwa Kasakula ku Ntchisi, ndipo anabwera kwa Mtsukwa kudzakwatira Tabita, mlongo wake wa mnyamata wina wa m'mudzimo dzina lake Danieli. Ukochi anaupeza chifukwa anagwirako ntchito ku Joni, kumene ankati anaonera mpira m'mabwalo okhala ndi mipando. Anali munthu wamtali, wofatsa, wa chipewa chimodzi chaka chonse. Anyamata ankawaphunzitsa bwino kupatsirana mpira, ndipo sanatukwanepo mwana wa munthu. Koma ikafika nthawi yoponya ndalama m'mwamba kuti matimu asankhe mbali, a Lazaro ankaloza kumunsi. Mwayi wosankha ukagwera Ziwombankhanga, zinkayamba ndi mtsetse. Ukagwera alendo, iwo ankasankha chitunda monga anthu anzeru, n'kusiyira Ziwombankhanga mtsetse womwewo. Ndalama igwe chagada, igwe chafufumimba, nkhani inali imodzimodzi.

Ndiye chigawo choyamba chinkakhala chikondwerero. Zigoli ziwiri, tsiku lina zitatu, fumbi koboo, nthungululu mpaka kudambo. Chigawo chachiwiri anyamata ankakwera phiri malilime ali kunja, alendo akutsika ngati madzi a mvula, kubweza zigoli zonse n'kuikapo banyira. Kwa eni ake Ziwombankhanga zinkapambanako. Pakhomo pawo ayi.

"Alamu," Danieli ankatero akudya nawo m'mbale imodzi pakhonde, "kodi ku Joniko phiri amalikwera atatopa?"

"Ku Joni kulibe mapiri, alamu. Kuli maenje."

"Nanga osayamba ndi chitunda kamodzi kokha bwanji, tione?"

"Chigoli cham'mawa chimakoma," ankayankha a Lazaro, n'kutapa ndiwo. Tabita ankaseka ali m'nyumba, n'kuuza mlongo wakeyo kuti adye kaye, mpira sukhutitsa.

Danieli ndiye anali mwini ng'oma ndi mwini nyimbo. Malo ake anali pachulu, kumtunda, pamene bwalo lonse linkaoneka ngati lili m'chikhatho. Nyimbo yake yotchuka inali yoti kochi achoke. Tsiku limene anaiyamba, a Yeremiya, tcheyamani wa chipani m'mudzimo amenenso anali tcheyamani wa timu, anakwera chulu chija chothamanga, thukuta lili kamukamu.

"Iwe mwana, ukufuna kutigoneka kuti? Masiku ano munthu sangoimba kuti achoke, achoke, osatchula wochokayo. Mphepo imanyamula mawu. Mzere uliwonse muzikhala dzina."

Kuyambira pamenepo nyimbo ija inkayenda motere: a Lazaro achoke, a Lazaro a mpira, a Lazaro a kwa Kasakula, a Lazaro omwewa achoke. Eni ake dzinalo ankaikonda. Ankaing'ung'udza akusoka fodya m'chigafa, ndipo nthawi zina ankamukonzera Danieli pamene ng'oma yasemphana ndi mawu.

Tabita anamwalira m'nyengo ya mvula, chimanga chikumasula ngayaye. Chifuwa chinamudya pang'onopang'ono, kenaka chinangofulumira. Sanasiye mwana.

Danieli sanalire bwino pamaliro paja. Ndi Tabita amene anamubereka kumsana ali khanda, amene ankamubisira nkhute, amene anamugulira chikopa cha ng'oma yake yoyamba, koma misozi inakana. Anangoyendayenda, kulandira anthu ndi kutunga madzi. Maliro atatha anayamba chizolowezi chopita kukhonde la alamu ake dzuwa likapendeka. Ankakhala pansi n'kuyamba mkangano wa mtsetse ndi chitunda, a Lazaro n'kumayankha monga kale. Dzina la Tabita sankalitchula, onse awiri. Koma pamene ankaseka Tabita ankasiyapo kampata, onse chete kuyang'ana kukhomo, kenaka mkangano n'kupitirira. Kwa Danieli, m'mudzi monse, khonde lija ndi pokhapo pamene mlongo wake anali asanachokeretu.

Koma mwambo ndi mwambo. Mkamwini mkazi wake akamwalira, akuchikazi amamusudzula. Amamuthokoza pamaso pa ankhoswe n'kumumasula kuti abwerere kwawo, akakwatire ngati afuna. Pakakhala ana, munthu amabwerabwera kudzawaona. Popanda mwana, njira imamera udzu.

Anthu atakolola, tsiku lija linafika. Abale a a Lazaro anabwera kuchokera kwa Kasakula, amayi anafulula thobwa, ndipo amalume ake a Danieli analankhula mawu ofunika kulankhulidwa. Anati munthuyu anabwera ndi manja ake awiri ndipo anawagwiritsa ntchito, mwana wawo anamusunga mpaka tsiku lomaliza, palibe mlandu, apite ndi mtendere. A Lazaro anawomba m'manja ataweramitsa mutu. Katundu wawo anali atamangidwa kale panjinga: bulangeti, nkhwangwa, wailesi ndi kasutikesi ka ku Joni.

Apa a Yeremiya anatsokomola n'kuimirira. Komiti ya timu inali itakhala zaka ikufuna kuchotsa kochi, koma munthu amene amakuthandiza kufolera nyumba, amene amabwera woyamba pamaliro a kwanu, ungamuyambe bwanji? Misonkhano yonse yowachotsa inkathera pothokoza a Lazaro chifukwa cha khama lawo. Tsopano mwambo unawagwirira ntchito.

"Poti banja lamasula," anatero a Yeremiya, "nafe a timu sitingakakamire. A Lazaro, tikukusudzulani ku Ziwombankhanga. Munatiphunzitsa kupatsirana, munatiphunzitsa kugonja mwaulemu. Phunziro lachiwirili talimvetsa ndithu, lakwana."

Tsiku losudzula ndi lotsekera maliro, kuseka n'kololedwa. Anayamba ndi a Lazaro eni ake, mapewa akugwedezeka, kenaka bwalo lonse linaphulika. Anyamata anathamangira ng'oma n'kuiika m'manja mwa Danieli asanaganize n'komwe. Manja ake anayamba okha.

Anawaperekeza mudzi wonse mpaka kumsewu. Nyimbo anangoisintha pang'ono: a Lazaro achoka, a Lazaro a mpira, a Lazaro omwewa achoka. Mkulu wina wa ndodo anavina mpaka ndodoyo kuiiwala panjira, akunena kuti Mulungu amusunge aoneko chipambano chimodzi asanafe. Nedson, goloboyi wa timu, amene msana wake unali utapindika ndi kutola mipira, ankayenda akugwira anthu chanza ngati mkwati. Wina anati chaka chino ndi fodya yemwe agulidwa bwino. Amayi a m'mudzimo okha ndiwo ankayenda m'mbuyo, akuwomba m'manja mwaulesi, ndipo Danieli anaganiza kuti ndi chisoni cha Tabita.

A Lazaro ankakankha njinga pakati pa gululo akuimba nawo. Pamsewu anatsanzika mmodzimmodzi. Atafika pa Danieli, ng'oma inaleka. Danieli anali ndi mawu amene anawakonza kuyambira m'mawa, koma atatsekula pakamwa panatuluka ena.

"Mukafika mukawaphunzitse mtsetse a kwanuwo."

A Lazaro anamwetulira n'kumugwira dzanja ndi manja awiri, monga amagwirira munthu wolemekezeka wa mudzi wina.

"Tsalani bwino, a Danieli."

A Danieli. Chifikire m'mudzi muja anali asanamutchulepo choncho. Anthu anabwerera akuvina, iye ng'oma ili kukhwapa, dzina lake lomwe likumulemera ngati thumba la mchenga.

Nyumba ija anaitseka. Pakhonde panayamba kugona mbuzi. Danieli ankadutsa cha kuseri popita kudimba kuti asapaone.

Ukochi anapatsa Nedson, ndipo nzeru zake zonse zinali chiganizo chimodzi: tiziyamba ndi chitunda. Anthu anati mnyamatayu ndi wozama. Asanayese n'komwe nzeruzo, kunabwera uthenga woti pa chikondwerero cha ufulu, mu Julaye, kudzabwera Njati za kwa Kasakula kudzasewera pa Mtsukwa. Wobweretsa uthengayo anawonjezera kuti Njatizo zili ndi kochi watsopano, munthu wamtali wa chipewa, woti anaonera mpira ku Joni.

Kunali kuseka kwa sabata yathunthu. Anthu ankaimitsana panjira kuti auzane nkhani imene aliyense ankaidziwa kale. "Tsoka lathu talitumiza ku Ntchisi panjinga," ankatero. Koma tsiku lina pabawo, Nedson anaima ndi nkhomo m'manja.

"Bwanji ngati munthu uja ankadziwa?"

"Ankadziwa chiyani?" anafunsa a Yeremiya.

"Chitunda. Ndani sadziwa? Mwina ankatigonjetsa dala. Mkamwini ndi mkamwini, mtima umakhala kwawo. Tsopano ali ndi abale ake, muona ngati aloze kumunsi."

Mawuwo anayenda m'mudzi kuposa kuseka kuja. Ena anayamba kukumbukira kuti a Lazaro akagonja sankaoneka okhumudwa kwenikweni. Danieli anakangana ndi anthu awiri kapena atatu, koma akakhala yekha nkhaniyo inkamuluma. Ngati a Lazaro adzaloze kumtunda, ndiye kuti zaka zonse zija m'mbale imodzi ankadya ndi mlendo. Ndipo mlendo ukamusudzula, wapita basi.

Tsiku la mpira kunazizira m'mawa, kenaka dzuwa linawala bwino. Ayufi, anyamata a chipani, anaima panjira yolowera kubwalo kuona makadi a chipani, ndipo ana a sukulu anaimba nyimbo zawo. Lole ya Njati inafika ikulira ndi chitunda, anthu ali pamwamba ngati mabelo a fodya. A Lazaro anatsika kutsogolo, chipewa chomwe chija. Anthu anawathamangira, wina kuwafunsa ngati abwera ndi mtsetse wawo, wina kuwapatsa nzimbe. Danieli anafika pomaliza.

"Muli bwanji, a Danieli? Amayi ali bwanji?"

"Ali bwino. Kaya inu."

"Tili bwino."

Zinathera pomwepo. Danieli anakwera chulu, anakhala pang'oma, anaimenya kawiri n'kuona kuti m'manja mulibe kanthu. Anaipereka kwa mnzake, nati mutu ukumupweteka. Anayenda m'mbali mwa bwalo osadziwa kumene akupita, ndipo bwalo lija, monga linkachitira ndi mpira, linamutsitsira kumango.

Kumeneko ndi kumene amayi a m'mudzi ankakhala poonera mpira. Chibadwire Danieli anali asanaonerepo mpira ali kumunsi. Elube, mnzake wa Tabita wa ponda apa m'pondepo, anali atakhala ndi beseni la zitumbuwa, ndipo pambali pake panali mwala wosalala wopanda munthu, ngakhale amayi ena anali atakhala pafumbi.

"Mwasochera, achimwene?" anafunsa Elube. "Kwa anzeru ndi kumtunda."

"Ndangobwera kumthunzi."

Elube anamuyang'ana, kenaka anayang'ana mwala uja n'kuupukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Khalani apa. Mwini wake sangakukanizeni."

Danieli anakhala. Mwalawo unali wofunda ndi dzuwa.

Pakati pa bwalo woimbira mpira anaitana makaputeni. Ndalama inapita m'mwamba, inagwa, onse atatu anawerama. Kaputeni wa Njati anadzuka akumwetulira, ndipo bwalo lonse linati zii. Mnyamatayo sanachedwe, anatambasula dzanja kuloza kuchulu. Nedson anagwira kumutu. Danieli anayang'ana pansi.

Kenaka kunamveka likhweru. A Lazaro anali kukodola kaputeni wawo. Mnyamata uja anathamangira kumzere, ndipo ngakhale mawu sankamveka, mkanganowo unkaoneka. Kaputeni ankaloza kumtunda ndi manja onse awiri, ankaloza miyendo yake, ankaloza dzuwa. A Lazaro anamvetsera mpaka anamaliza. Kenaka anakweza dzanja lawo lalitali lija pang'onopang'ono, n'kuloza kumango.

Phokoso limene linabuka pa Mtsukwa anthu a kwa Dzoole amati analimva. A Yeremiya anaponya chipewa m'mwamba osaonanso kumene chinagwera. Nedson anagwada pakati pa bwalo. Ochemerera Njati ankangoyang'anana, osamvetsa chifukwa chake eni mudzi akuvina mpira usanayambe.

Utayamba, Danieli anaona chinthu chimene pachulu sichinkaoneka. Kuchokera kumtunda mpira unali timadontho tothamangira kutali. Kumango kuno timu yonse inkabwera kwa iwe. Unkamva mapazi akugunda pansi, kupuma kwa anyamata, unkaona maso awo. Njati zinkatsika zikupatsirana bwinobwino, mwa a Lazaro mwenimweni, ndipo posakhalitsa mpira unadutsa goloboyi. Golo linalibe ukonde. Mpirawo unadutsa pakati pa mitengo, unagudubuzika pafumbi, n'kudzaima pamapazi a Danieli, pamwala penipeni, ngati nkhuku yozolowera kudyera pamenepo.

Anautola n'kukweza maso. Kumzere kuja a Lazaro anali atatembenukira kumango, chipewa atachikweza m'mwamba pang'ono. Danieli ankachidziwa chizolowezi chimenechi. Zaka zonse ali pachulu ankawaonera kumsana akuvula chipewa pa chigoli chilichonse, ndipo ankati n'kudzitama kwa ku Joni. Lero anachionera kumaso. A Lazaro anaona amene wakhala pamwalapo, dzanja linaima m'malere, kenaka chipewa chinabwerera kumutu pang'onopang'ono.

Njati zinamwetsanso chachiwiri, ndipo mpira unabweranso pomwepo.

Wenzulo ya kupumula italira, amayi anayamba kudzuka, kukutumula zitenje ndi kubereka ana. Elube anavundikira beseni lake.

"Mukupita kuti?" anafunsa Danieli. "Mpira sunathe."

"Kukaphikira alendo. Nanga mumayesa chakudya chimene mumadya mpira ukatha chimagwa kumwamba? Ife mpira wathu umathera pano. Chigawo chachiwiri timangochimva kwa inu, ndi nkhope zanu zazitalizo."

"Masiku onse?"

"Masiku onse. Kwa ife Ziwombankhanga sizinagonjepo pabwalo lino. Timachoka tikupambana." Elube anasenza beseni, kenaka analitulanso. "Achemwali anu anapita osaonapo amuna awo akugonja."

Danieli anayang'ana golo, anayang'ana mwala umene anakhalira, anayang'ana munthu wamtali uja akugawira anyamata ake madzi.

"Munkadziwa?"

"Mayi aliyense wa m'mudzi muno. Tabita anangonena kamodzi, atangokwatiwa kumene, kuti mpira ndi wabodza, iye sanaonepo chigoli cha kwawo ndi maso. Bambo aja anamva."

"Osatiuza bwanji?"

"Kuti mutilande zigoli zathu? Si izi mwatilanda. Ndi nzeru za Nedsonzi ife tizidzaona chiyani, ana athu akumwetsedwa basi?"

Danieli anafuna kuseka, ndipo kusekako kunatuluka, koma kunabwera ndi zina zimene zinakana kutuluka pamaliro paja. Anaweramira m'mawondo, mapewa akugwedezeka.  Amayi aja anangomuzungulira ngati akukonza zitenje zawo, kuti amuna a kumtunda asaone. Elube anamuika chitumbuwa m'manja.

"Idyani. Mpira sukhutitsa."

Atapukuta kumaso, Danieli anati, "Lero musapite. Alendo adikira."

"A Yeremiya atipha."

"A Yeremiya akufunafuna chipewa. Khalani muone."

Amayi anayang'anana. Mmodzi anamasula mwana kumsana n'kukhala pansi, ena onse n'kutsatira.

Chigawo chachiwiri Njati zinadziwa chimene Ziwombankhanga zinkadziwa kalekale. Zinkati zikakankhira mpira kumtunda, mpirawo n'kubwerera wokha kudzazifunsa. Anyamata a pa Mtsukwa, amene anali asanatsetserekepo ndi adani otopa, poyamba ankachita ngati akuopa kuti wina awaletsa. Kenaka anazolowera. Chigoli choyamba chinabwera ndi mutu. Chachiwiri anamwetsa mnyamata wina amene anangopunthwa, mpira n'kumugunda bondo. Nthungululu za kumango zinali zoti mbalame zinathawa mumtengo. Danieli anali ataimirira pamwala, akuimba wopanda ng'oma, mawu atasasa.

Chachitatu chinachedwa. Dzuwa linali litayamba kufiira, woimbira akuyang'anayang'ana wotchi, pamene mpira unachoka pakati, unadumpha pa kachitsa kodziwika ndi eni bwalo okha, n'kudutsa goloboyi wa Njati m'mphepete. Elube ndiye anautola, ndipo anakana kuubweza mpaka atavina nawo.

Wenzulo yomaliza italira, anthu anakhamukira m'bwalo. Nedson anatambasula manja kuti amunyamule, koma gulu linamudutsa. Linadutsa omwetsa zigoli, linadutsa a Yeremiya, linakafika kumzere wa alendo n'kunyamula kochi wa timu yogonja. A Lazaro anapezeka ali m'mwamba, miyendo yawo yaitali ikulendewera, dzanja lina litagwira chipewa.

"Ndinkanena ine," a Yeremiya ankauza aliyense wofuna kumva, "kuti munthuyu tsiku lina adzatipambanitsa. Kungoti tinkamuika mbali yolakwika."

Anazungulira nawo bwalo, kutsika ndi kukwera, nyimbo itasinthanso: a Lazaro atipatsa, a Lazaro a mpira, a Lazaro omwewa atipatsa. Mkulu wa ndodo uja ankalira poyera. Cha kulole, ochemerera Njati anali atatola kale nyimbo yakale ija n'kuyamba kuimba kuti achoke, achoke. A Yeremiya atamva anasiya zonse n'kuthamangira komweko, manja ali m'mwamba.

"Dzina, abale anga. Muziikamo dzina."

Pamene anawatsitsa, a Lazaro sanapite kulole. Anayenda okha mpaka kumango, kumene amayi anali atachoka mothamanga kukasonkha moto. Anapeza Danieli atakhala pansi, pambali pa mwala. Nawo anakhala mbali inayo. 

"Chigoli cham'mawa chimakoma," anatero Danieli.

A Lazaro anavula chipewa n'kumachizunguza m'manja.

"Mwaona?"

"Ndaona."

"Anyamata anga ndinawalonjeza chitunda. Njira yonse palole ndimawauza kuti bwalo ndikulidziwa, tiyamba ndi chitunda. Ndiye ndinangoona mtengowu." Anaseka pang'ono. "Dzanja linapita lokha."

"Akuchotsani."

"Andichotsa. Nyimbo ayamba kale. Koma ng'oma yawo ikusemphana ndi mawu."

Kulole dalaivala analiza hutala. Anthu a kwa Kasakula anali atamva kuti chakudya chichedwa, ndipo ena ankafuna kunyamuka kusanade. A Lazaro anadzuka n'kukutumula thalauzi.

"Ndipite, a Danieli."

Danieli anadzuka nayenso. Mawu amene anamukanika pamsewu paja anali akadali pomwepo, ndipo ulendo uno sanawakonze.

"Alamu, tiyeni kunyumba. Amayi akufuna akuoneni."

"Ndinasudzulidwa. Mukudziwa mwambo."

"Anasudzula ndi amalume. Anasudzula mwamuna wa Tabita." Dzinalo linatuluka, ndipo kumwamba sikunagwe. "Mlamu wanga sindinamusudzule ine. Palibe anandifunsa."

A Lazaro anayang'ana mwala uja nthawi yaitali. Hutala inaliranso.

"Nanga lole?"

"Ipite. Njinga yanga ilipo, mudzabweza mukadzabwera ulendo wina. Ndipo mukakwera lole imeneyo akakutsitsani panjira, anthu aja akwiya."

"Pakhonde paja pali bwanji?"

"Pakugona mbuzi."

"Mbuzi," anatero a Lazaro, akupukusa mutu. "Inu alamu, kukanika kuthamangitsa mbuzi, koma kuthamangitsa kochi."

Anakweza chipewa kulole kuja kuti ipite. Kenaka awiriwo anayamba kukwera bwalo kulunjika kumudzi, pang'onopang'ono, poti onse anali atatopa. Atafika pakati a Lazaro anaima kuti apume, manja ali m'chiuno.

"Mwaona, alamu? Chitunda chomalizira si ichi? Munthu amakwera ndithu."

"Amakwera, koma amagonja."

"Amagonja pamaso pa ndani?"

Apa onse awiri anasiya kampata, monga ankachitira pakhonde. Kenaka Danieli anayankha, ndipo mkangano unapitirira mpaka kunyumba.